Chithunzi Choyamba Pakhoma

1. Pansi pa masitepe

Bungwe la ophunzira za ubongo linali ndi chipinda chake pansi pa masitepe a nyumba ya kafukufuku. Ndati chipinda poopa kulichititsa manyazi, koma kunena zoona kanali kabowo. Munali tebulo lotsimphina mwendo umodzi, mipando isanu ndi iwiri yosafanana, ndi ketulo yochedwa kuwira. Munthu akamatsika masitepe mothamanga, fumbi linkagwera m'makapu a tiyi. Komabe mamembala makumi awiri aja sakanalola kusinthanitsa kabowoka ndi ofesi ya wina aliyense.

Onsewa anali atamaliza kale digiri yoyamba, ndipo aliyense anali ndi kafukufuku wake. Wina ankafufuza za tulo, wina za khunyu, wina za chimene chimachititsa okalamba kuiwala mayina a ana awo. Ntchito yotereyi ndi yosungulumwitsa, abale. Munthu amatha miyezi ali yekha ndi kompyuta, mpaka kuyamba kuilankhula. Ndiye Lachitatu lililonse masana ankakumana m'kabowomo. Wina ankafotokoza pomwe zamuvuta, anzake n'kumuthandiza kapena kumuseka, kawirikawiri zonse ziwiri.

Amene anayambitsa bungweli ankangotchedwa a Tcheya. Anali munthu wamtali, woseka ndi thupi lonse, wa chaka chachisanu pa kafukufuku wake. Kunyumba anali ndi mkazi ndi mwana wa miyezi isanu ndi umodzi. Wolemba za misonkhano anali mtsikana wa chaka chachiwiri, ndipo aliyense ankangomuitana kuti Mlembi.

Mlembi ankawatchula a Tcheya kuti achimwene, ndipo sikunali kungowalemekeza. Chaka choyamba zinthu zitamuthina, iye analongedza katundu kuti azibwerera kwawo. A Tcheya anamupeza pa geti, n'kukhala pa sutikesi yake, n'kunena kuti sanyamukapo mpaka basi yomaliza itapita. Basi inapitadi, Mlembi ali kulira uku akuseka. Kuyambira tsiku limenelo anali mlongo wawo.

Tsopano mumve za khoma.

Pansi penipeni pa nyumbayo panali makina aakulu ounikira m'mutu. Munthu amagona pa kabedi, n'kulowetsedwa m'kati, makinawo n'kumagogoda kuti gu, gu, gu kwa mphindi makumi awiri. Akatha amatulutsa zithunzi pafupifupi mazana awiri, chilichonse chikuonetsa kagawo kopyapyala ka ubongo, monga mmene amadulira buledi. Lamulo lake linali lachidule. Aliyense wolowa m'makinamo asaine fomu, ndipo zithunzi zake zonse zipite kwa dokotala wodziwa kuziwerenga.

Woyendetsa makinawo anali bambo wa imvi amene ophunzira ankamutcha Amdala. Loweruka lililonse m'mawa Amdala ankawayesa makinawo pojambula botolo lalikulu la madzi. Tsiku lina mnyamata wina wa m'bungwemo, amene ankatchedwa Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe pozimitsira, anati: "Amdala, mukuwonongeranji magetsi kujambula madzi, chonsecho mitu yophunzira ilipo?"

Anawanyengerera milungu itatu mpaka Amdala anagonja. Kuyambira pamenepo, aliyense wolowa m'bungwe ankagona m'malo mwa botolo lija, popanda fomu, popanda dokotala. Pa zithunzi mazana awiri, Mlembi ankasankhapo chimodzi chapakati, chooneka bwino, n'kuchisindikiza n'kuchimata pakhoma la kabowo kaja. Pansi pa chilichonse ankalemba ndi cholembera chofiira mawu a nthabwala akuti: "Tamuunika, ali bwinobwino. Mlembi."

Chithunzi choyamba pakhomapo chinali cha a Tcheya. Chinali chitakhalapo miyezi khumi ndi inayi, ndipo ngodya zake zinali zitayamba kupindika.

2. Kadontho

Lolemba lina masana Mlembi anali yekha m'chipindamo. Bungwe linkakonzekera kukacheza ku sukulu ina ya sekondale, monga linkachitira kawiri pa chaka. Iye anaganiza zowaonetsa anawo zithunzi zonse motsatizana, kuyambira pa liwombo mpaka m'khosi, kuti aone mmene ubongo ulili m'kati. Anatsegula zithunzi za a Tcheya chifukwa ndi zimene zinali pamwamba.

Aka kanali koyamba kuti munthu aziyang'ane zonse.

Anadutsa makumi asanu, n'kufika pa zana, pomwe panali chija cha pakhoma. Anapitirira akuimba kanyimbo chapansipansi. Atangodutsa zana limodzi ndi makumi atatu, kanyimbo kanathera pakhosi. Kumanja, cha m'kati, panali kadontho kotuwa, kakakulu ngati nyemba. Kumanzere kunalibe. Anabwerera m'mbuyo, kadontho n'kusowa. Anapita kutsogolo, n'kubweranso, n'kukhalapo pa zithunzi zisanu ndi chimodzi zotsatizana.

Anapukuta galasi la kompyuta ndi mpango, ngati kuti vuto linali fumbi la masitepe. Kenaka anatsegula zithunzi za Wailesi n'kuyang'ana malo omwewo. Panalibe kanthu.

Pamenepo ndi pamene zinthu zing'onozing'ono zinayamba kumubwerera. A Tcheya ankayenda ndi mapiritsi a mutu m'thumba la malaya. Kawiri konse kapu inawapulumuka m'dzanja lamanzere, iwo n'kunena kuti kapuyo ndi yoterera. Ndipo Mlembi ankadziwa, monga amadziwira wophunzira aliyense wa chaka choyamba, kuti mbali ya kumanja ya ubongo ndi imene imalamulira dzanja lamanzere.

Chitseko chinatseguka. Anali a Tcheya eni ake, mapepala ali m'khwapa. Mlembi anatseka kompyuta kuti phwa.

Iwo sanaone kanthu. Anali ndi chimwemwe chosefukira. Tsiku lawo linali litatuluka: Lachisanu la sabata yotsatira ankayenera kuimirira pamaso pa akatswiri atatu, kuyankha mafunso pa kafukufuku wawo. Amenewo ndiwo anali mayeso omaliza a zaka zisanu. Mmodzi mwa akatswiriwo ankachokera kutali, ndipo tsikulo likanaphonyeka, lina likanapezeka chaka chamawa.

"Masiku khumi ndi limodzi, mlongo wanga," anatero a Tcheya. "Ndikangowoloka apa, mayi a mwana apumule. Anditopera mokwanira."

Anameza mapiritsi awiri ndi tiyi wozizira, n'kutuluka akuimba mluzu. Mlembi anatsala yekha, dzanja lili pa kompyuta.

3. Mawu a Amdala

M'mawa mwake anatsikira kwa Amdala. Anawapeza akupukuta kabedi ka makina. Atapatsana moni, Mlembi anazungulira nkhani ngati munthu wofuna kubwereka mchere kwa amene anayambana naye dzulo. Pomaliza anafunsa kuti kodi wophunzira ataona kanthu kachilendo pa chithunzi, koma asakudziwa bwino, achite chiyani. Anati akungofunsira ana a sukulu aja, mwina angamufunse.

Amdala anapinda nsalu yawo bwinobwino, n'kumulozera mpando.

"Mwana wanga, khala pansi. Ndagwira ntchito yojambula anthu zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo ndikuuze chimene ndaphunzira. Makina awa saona. Amangogogoda n'kusanza zithunzi. Woona ndi munthu, ndipo si munthu aliyense ayi. Inu ana mwaphunzira kwambiri, ine sindingafike. Koma mwaphunzira kuufunsa ubongo mafunso, simunaphunzire kuweruza matenda ake. Ndiye ukaona kanthu, usanene kuti ndi chakuti. Usanenenso kuti si kanthu. Pakamwa pako si pamene payenera kutuluka mawu amenewo. Iwe ntchito yako ndi miyendo. Nyamula chithunzicho, upite nacho kwa a Dokotala tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe."

Mlembi anafunsa kuti nanga ngati mwini wake ali ndi chinthu chachikulu kutsogolo, choti nkhani yotereyi ingamusokoneze?

"Aliyense ali ndi chinthu chachikulu kutsogolo," anatero Amdala. "Ndajambula anthu oti akwatira Loweruka, amayi oyembekezera, abambo oti angofolera nyumba. Sindinaonepo munthu amene anali ndi sabata yabwino yolandirira uthenga woipa. Koma chotupa sichiwerenga kalendala, mwana wanga. Iwe ukamadikira tsiku labwino, icho chili pa ntchito, usana ndi usiku, sichipita ku tchuthi. Zengerezu analinda kwawukwawu. Komanso umve ichi: mutuwo ndi wa mwini wake. Iye ndi amene angasankhe kudikira kapena kuthamanga. Ukamubisira, wamusankhira. Ungatchule kuti chifundo, koma wamulanda chinthu chake."

Anayang'ana botolo la madzi lija pakona.

"Ndipo za Loweruka zija zimandisowetsa mtendere. Ndinalakwa kukuvomerani. Munthu amene sanajambulidwe amadziwa kuti sakudziwa, mutu ukamupweteka amapita kuchipatala. Koma amene wajambulidwa popanda wowerenga amayenda monyada, akuti anandiunika. Tamugoneka tulo ndi ife."

Kenaka anamuyang'ana m'maso. "Kodi waona kanthu?"

Apa mpamene Mlembi anayenera kulankhula. Chitseko anali atamutsegulira, iye kwake kunali kungolowa. Koma anayang'ana imvi za Amdala n'kukumbukira kuti kwatsala miyezi isanu ndi iwiri kuti apume pa ntchito mwaulemu. Nkhani ya Loweruka ikanamveka, akanachotsedwa ngati wakuba, ndipo bungwe likanatsekedwa. Anakumbukiranso mluzu wa a Tcheya.

"Ayi, Amdala," anayankha. "Ndimangofunsa."

Potuluka anadziuza kuti kadontho kamene kadikira miyezi khumi ndi inayi kangadikirenso masiku khumi. Lachisanu madzulo, mayeso akangotha, adzanena zonse. Ndimamumvera chisoni mtsikanayu, chifukwa sanachite izi ndi mtima woipa. Koma bodza lachikondi ndi bodza ndithu.

4. Masiku asanu ndi anayi

Chinsinsi chimadya mwini wake. Mlembi anasiya kumwa tiyi m'kabowo kaja, chifukwa mpando uliwonse unkayang'ana kukhoma. Akakumana ndi Amdala pa khonde, ankanamizira kuyankha foni. Wailesi anayamba kulengeza kuti Mlembi wagwa m'chikondi, poti munthu sangaonde chonchi ndi kafukufuku yekha. Anthu anaseka, nayenso anayesera kuseka.

Ankawalondera a Tcheya ngati mayi wolondera mwana woyamba kuyenda. Akanyamula kapu, maso ake ali pa dzanja. Akatsika masitepe, iye ali pambuyo. Tsiku lina anawauza mwachidule kuti mutu wosatha ndi wofunika kuonetsa kuchipatala. Iwo anamugwira paphewa n'kunena kuti mankhwala a mutu wawo ndi Lachisanu.

Bungweli linali ndi chizolowezi china chabwino. Munthu akatsala pang'ono kulowa mayeso omaliza, ankayamba wayeserera pamaso pa anzake, iwo n'kumuthira mafunso opanda chisoni kuti tsiku lenileni asakanjenjemere. Tsiku la a Tcheya linali Lachitatu, patatha masiku asanu ndi anayi chionereni Mlembi kadontho kaja.

Kabowo kanadzaza mpaka ena anakhala pa masitepe. Akazi a a Tcheya anabwera nawo, mwana ali kumbuyo, n'kukhala pafupi ndi chitseko kuti akalira atuluke naye. A Tcheya anavala jekete limene anagulira tsiku la mayeso, ati lizolowere.

Anayamba bwino, abale. Mawu ankangotsetsereka. Wailesi anaponya funso lokhota, iwo n'kuliwongola, anthu n'kuwomba m'manja. Koma chapakati, akuloza pa bolodi, ndodo yolozera inagwa pansi. Dzanja lamanzere linayamba kugwedezeka lokha, ngati la munthu wina. Iwo anaima n'kumaliyang'ana. Pakamwa panali potsegula, koma mawu osatuluka.

Sizinathe mphindi imodzi. Anapumira m'mwamba, n'kuseka, n'kunena kuti ngakhale dzanja lachita mantha ndi mafunso a Wailesi. Anzawo ophunzira za ubongo aja anaseka nawo, ena n'kumati ndi kutopa, ena n'kumati ndi khofi wambiri. Palibe amene anafuna kuona chimene anaona.

Mlembi anatuluka osapempha.

5. Alamu

Anaima pa khonde atagwira chitsulo cha zenera. Posakhalitsa anamva mapazi pambuyo. Anali akazi a a Tcheya, akugwedeza mwana amene anali atayamba kulira.

"Alamu, mwaziona zimene ndimaona ine kunyumba," anatero mayiwo motsitsa mawu. Anafotokoza kuti aka kanali kachitatu mwezi umenewo. M'mawa wina bambowo anasanza asanadye kanthu. Tsiku lina anatsala pang'ono kugwetsa mwana, ndipo kuyambira pamenepo samunyamulanso, amangomusisita ali pa bedi. Anati anawachonderera kuyambira chaka chatha kuti apite kuchipatala, mpaka anaitanitsa apongozi awo kuti awathandize kulankhula.

"Koma nthawi zonse amanditulutsira ichi."

Anatulutsa foni m'chikwama, n'kuonetsa chithunzi chimene amuna awo anawatumizira kalekale. Chinali chija cha pakhoma. Pansi pake mawu ofiira ankaoneka bwino lomwe: "Tamuunika, ali bwinobwino. Mlembi."

"Amati, 'Mutu wanga wauona ndi anthu makumi awiri ophunzira za ubongo, tsiku ndi tsiku amamwera tiyi pansi pake. Kukanakhala kanthu akanaona. Ndi mlongo wanga yemwe anasaina.' Ndiye ine wosaphunzira za ubongo ndinganene chiyani? Ndimangokhala chete. Alamu, inu ndi amene munaona zonse. Ndiuzeni ndi pakamwa panu kuti ali bwino, mwina mtima wanga ukhale pansi."

Mlembi anayang'ana zilembo zake zomwe. Analemba mawu amenewo akuseka, Wailesi akumuuza kuti awonjezere chidindo. Sankadziwa kuti nthabwala ya Loweruka limodzi yatsekera munthu chitseko cha chipatala kwa chaka ndi miyezi iwiri.

Misozi inayamba kutsika. Mayi aja ataona nkhope yake, anasiya kugwedeza mwana.

"Sindingakuuzeni zimenezo, alamu," anatero Mlembi. "Musachoke. Musawalole achoke. Ndikubwera."

Analowa m'kabowo muja anthu akumwa tiyi, n'kupita kukhoma, n'kumatula chithunzi choyamba. Wailesi anayamba nthabwala koma inamufera pakamwa. Mlembi anatenga kompyuta yake n'kutsika masitepe kupita kwa Amdala.

Amdala sanamukalipire. Anayang'ana zithunzi zisanu ndi chimodzi zija kamodzi kokha, n'kutseka maso. Kenaka anavula chovala chawo cha ntchito, n'kuchikoleka pa msomali, n'kutenga makiyi a chipinda cha makina.

"Tiye," anatero. "Ndinatsegula makina ndi ine. Tikanene tonse."

6. Kwa a Dokotala

A Dokotala anali mayi wosachulutsa mawu, amene ankawerenga zithunzi zonse za m'nyumbayo komanso kuyang'anira makina. Anamvetsera osadula mawu. Atatha anafunsa kuti zithunzizo ndi za liti, ndipo atamva kuti miyezi khumi ndi inayi yapita, anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Za milandu tikambirana pambuyo, ndipo ilipo," anatero. "Koma iwe mtsikana, umve. Lamulo la fomu mumaliona ngati lovutitsa, ngati ife akuluakulu timakonda mapepala. Fomu ija ndi lonjezo. Imati tikaona kanthu m'thupi mwako, tikuuza. Inu munajambula munthu popanda lonjezo limenelo, n'kusankha chithunzi chokongola, zotsalazo n'kuzisiya. Munayang'ana chipinda chimodzi, n'kulemba pa chitseko kuti nyumba yonse ndi yosesa. Sindikukayika kuti mumakondana. Ndimakumvani mukuseka pansi pa masitepe, ndipo ndimakondwa. Koma chikondi sichiwerenga zithunzi. Mukadzamaliza maphunziro, anthu adzakhulupirira chilichonse chimene mwalemba dzina lanu pansi pake, ngakhale mutalemba mukuseka. Dzanja lako lalemera tsopano. Uzilisamala."

Anaitanitsa a Tcheya ndi akazi awo nthawi yomweyo. Chitseko chinatsekedwa. Patapita kanthawi, anthu anaona a Tcheya akutsikira ku makina, jekete lili pa mkono, fomu yosaina ili m'manja. Amdala ndi amene anawagoneka pa kabedi, n'kuwafunditsa bulangeti mpaka pachifuwa.

Mlembi anakhala pa benchi ya panja. Kugogoda kwa makina kunkamveka kudutsa khoma. Alamu ake anakhala kumapeto kwa benchi yomweyo akuyamwitsa mwana, ndipo sanamuyang'ane ngakhale kamodzi.

7. Funso

Dzuwa linali litapendeka pamene a Tcheya anatulukanso mu ofesi ya a Dokotala. Anatsika pang'onopang'ono mpaka pa benchi paja n'kukhala pakati pa mkazi wawo ndi Mlembi. Kwa kanthawi ankangosewera ndi phazi la mwana.

Kenaka anafotokoza ndi mawu ophwa, ngati akuwerenga za munthu wina. Kanyemba kaja tsopano kanali ngati dzira. A Dokotala anati sanganene kuti ndi chotupa cha mtundu wanji mpaka madokotala a opaleshoni atachiona, koma akanachipeza chaka chatha ntchito ikanakhala yopepuka. Ankafuna kuti agonekedwe m'chipatala m'mawa mwake.

"Ndawafunsa za Lachisanu," anatero. "Akuti iwo sakuvomereza, koma mutu ndi wanga."

A Tcheya anatembenuka n'kuyang'ana Mlembi. Munalibe ukali m'maso mwawo, ndipo zimenezo ndi zimene zinapweteka kwambiri.

"Za mawu ofiira aja usadzizunze wekha. Ndinayambitsa khoma ndi ine, ndinagona m'makina woyamba ndi ine, ndipo ndinabisala kuseri kwa nthabwala yako chifukwa ndinkaopa. Zimenezo ndi zanga. Koma ndikufunse chinthu chimodzi, mlongo wanga, ndipo usandinamize. Unaona liti?"

Akanatha kunena kuti lero. Palibe akanamutsutsa, chifukwa ngakhale Amdala sakanamuulula. Anayang'ana pansi, n'kuona chithunzi chija chili m'manja mwake, atachifinya mpaka kukwinyika.

"Lolemba la sabata yatha, achimwene."

Alamu ake anapuma mokoka. A Tcheya anawerenga pa zala za dzanja lamanja, n'kusowa zala, n'kuyang'ana lamanzere limene linali gone pa bondo.

"Masiku asanu ndi anayi," anatero. "Unandiona ndikumeza mapiritsi tsiku lomwelo."

"Ndimafuna mumalize mayeso."

"Ndikudziwa. Mwina nanenso ndikanasankha zomwezo. Koma ndikanasankha ndine." Kenaka anapitiriza motsitsa mawu. "Lamulungu lapitali mayi a mwana anapita kumsika. Mwanayu analira, ine n'kumunyamula, n'kutsika naye masitepe a kunyumba kwathu. Ndi dzanja ili. Ndikanadziwa, sindikanamunyamula."

Mkazi wawo anamukumbatira mwanayo mwamphamvu mpaka anadzuka n'kuyamba kulira. Mlembi anaphimba nkhope ndi manja. Tsiku lija pa geti analira pali womuseketsa. Lero munthu yemweyo anangoimirira, n'kupisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa kiyi wa kabowo kaja. Anamuika pa benchi, osati m'manja mwake.

"A Dokotala akufuna zithunzi za wina aliyense mawa pa eyiti koloko, pamodzi ndi eni ake. Ndiwe mlembi. Uwaitane."

Ananyamuka ndi banja lawo. Pa masitepe mkazi wawo anawagwira mkono wamanzere, ndipo iwo sanakane. Sananene ngati m'mawa mwake alowera kuchipatala kapena adikira Lachisanu.

Mlembi anatola kiyi n'kukwera. M'kabowo munalibe munthu, makapu anali mbwee patebulo, tiyi atazizira. Pakhoma, pomwe panali chithunzi choyamba, panatsala malo oyera a ngodya zinayi. Pambali pake panali zithunzi khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo pansi pa chilichonse panali mawu ofiira omwe aja, ndi dzina la udindo wake. Palibe dokotala amene anali ataonapo ngakhale chimodzi. Chachisanu ndi chiwiri kuchokera kumanzere chinali chake.

Anakhala pa mpando, n'kutsegula buku la mayina a mamembala, n'kuimba nambala yoyamba. Anayankha ndi Wailesi, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, mnyamatayo sanayambe ndi nthabwala.

"Mlembi," anatero, "changa unachiyang'ana chonse?"